Funsani Achipatala: Mtima ukaima, kodi ana athu ophunzira zachipatala ndi okonzeka?

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo onse akukhudza CPR, thandizo lodina pachifuwa ndi kupatsa mpweya munthu amene mtima wake waima. Akuyankha ndi madokotala ndi anamwino a tsamba lino.

Ndikulipirira sukulu mwana wa mlongo wanga, ali chaka chachitatu cha udokotala. Pa tchuthi chapitachi bambo wina wogulitsa kachewere anangogwa pamsika, osapuma. Anthu onse maso pa mwanayu, amvekere "adokotala, chitanipo kanthu!" Iye anagwira mkono wa bamboyo kwa nthawi ndithu, kenako n'kunena kuti tipeze galimoto. Kodi ndalama zanga zikulowa m'madzi? — Malume, Lizulu

Malume, ndalama zanu sizikulowa m'madzi, koma funso lanu lagunda penipeni. Mwanayo mutamudzutsa pakati pa usiku, akuuzani mosadodoma kuti kudina ndi ka 30, mpweya kawiri. Vuto n'lakuti CPR imakhala m'manja, ndipo manja amaiwala msanga: munthu akatha miyezi 3 mpaka 6 osayeserera, luso limayamba kuzilala. Ndiye ngati chidole chophunzirira chinali chimodzi pagulu lonse, iye n'kuchigwirako mphindi zochepa m'chaka choyamba, n'zosadabwitsa kuti pamsika paja manja anauma.

Anaphonya pawiri. Kugunda kwa mtima sitikusaka pamkono, timamvera pakhosi, ndipo kuona ngati munthu akupuma ndi kumvera pakhosipo zisapose masekondi 10. Ukakayika, yamba kudina. Kwina ndi kwa galimotoko. Ubongo ukasowa magazi umayamba kuwonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6 zokha, ndipo kuchoka pa Lizulu, ngakhale minibasi itathamanga bwanji mu M1, simungafike pa boma la Ntcheu kapena la Dedza m'nthawi imeneyo. Galimoto akasake munthu wina, wodziwa CPR agwade pomwepo.

Chimene chimapusitsa ophunzira ambiri ndi kupuma kwa munthu woti mtima wangoima kumene. Amatha kutsegula pakamwa n'kukoka mpweya kamodzikamodzi ngati nsomba yovuulidwa, mwina ndi kaphokoso ngati mkonono. Anthu amati "akupuma, mukupizeni ndi chitenje." Kumeneko si kupuma.

Zoyenera kuchita n'zakuti munthuyo agone chagada pansi polimba. Chidendene cha chikhatho, kunsi kuja pafupi ndi mkono, chikhale pakati pa chifuwa, pa theka la m'munsi la fupa lapakati, dzanja linalo pamwamba pake. Zigongono ziwongoke, mapewa akhale pamwamba pa manja, mphamvu ichokere m'thupi lonse. Chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6, kudina ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kutanthauza pafupifupi kawiri pa sekondi. Ndipo ukadina uzisiya chifuwa chibwerere chonse, chifukwa mtima umadzaza magazi pa kubwerera pamenepo. Wotsamira pachifuwa amapopa mtima wopanda kanthu.

Komabe musamusenzetse maliro mwanayo. Kwa wamkulu, kudina pakokha sikudzutsa mtima kawirikawiri. Kumangoyendetsa magazi podikira makina ogwedeza mtima ndi magetsi, otchedwa defibrillator, amene pamsika sapezeka. Akabwerera kusukulu, mumuuze akapemphe chidole chija, mnzake agwire wotchi, iye adine mphindi ziwiri zathunthu osapumira. Azichita zimenezi mwezi ndi mwezi.

Ndine wophunzira za unamwino, pano ndili pa practical m'wodi ya amuna. Tsiku lina tikupanga CPR ndinamva nthiti ikuthyoka m'manja mwanga, ndinasiya ndi mantha. Komanso wodwala ankangolowa m'matiresi. Ndinalakwitsa pati? — Wophunzira, Ntcheu boma

Nthiti siinali cholakwa chanu. Zimathyoka kawirikawiri, makamaka kwa achikulire, ngakhale wodinayo akhale katswiri. Mukamva kuti "thyo", onani ngati manja sanatsetserekere m'mbali kapena kumimba, muwabwezere pakati n'kupitiriza. Nthiti imapola. Cholakwa chinali kusiyako, chifukwa mukangochotsa manja magazi amaleka kuyenda, ndipo mukayambiranso pamafunika kudina kangapo kuti ayambenso kufika ku ubongo. Kuima kulikonse kusapose masekondi 10.

Za matiresi mwaona bwino. Pa bedi lofewa, gawo la mphamvu yanu limathera m'siponji, inu n'kumaganiza kuti mwafika masentimita 5 pomwe chifuwa changosuntha pang'ono. Lowetsani thabwa kunsi kwa msana ngati lilipo pafupi, ndipo dinani mozama kuposa mmene mukuganizira. Bedi likatalika kwerani pa kampando, apo ayi mudzadina ndi mikono yopinda n'kutopa mphindi imodzi isanathe. Ngakhale wamphamvu amafooka asanazindikire, n'chifukwa chake timasinthana pa mphindi ziwiri zilizonse.

Pamene ophunzira ambiri amagwa kwenikweni ndi pa Ambu bag, thumba lofinya ndi dzanja lopopera mpweya m'mapapo kudzera pa masiki yophimba mphuno ndi pakamwa. Masiki ikapanda kumata bwino, mpweya umathawira m'masaya. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zigwire masiki, zala zitatu zotsalazo zikokere nsagwada m'mwamba, mutu utapendekeka chambuyo. Mukakhala awiri ndi bwino koposa: wina agwire masiki ndi manja onse, wina afinye thumba. Kufinya kumodzi kutenge sekondi imodzi, kungoti chifuwa chitukuke basi. Mukafinya mwamphamvu ndi mothamanga mpweya umadzaza m'mimba, wodwala n'kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo.

Adrenaline, mankhwala othandiza kudzutsa mtima, kwa wamkulu ndi 1 mg mumtsempha, kubwereza pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, koma kudina kusaime chifukwa choti wina akusaka mtsempha. Ndipo tsiku loyamba m'wodi iliyonse, musanafunse kumene amamwera tiyi, funsani kumene kuli tirole ya emergency, yosungiramo zida ndi mankhwala a thandizo lachangu. Tsegulani, finyani thumba mutatseka kukamwa kwake ndi chikhatho muone ngati silikutaya mpweya, onani masiki a misinkhu yonse ndi masiku amene mankhwala adzathere mphamvu.

Mwana wa zaka 4 anagwera m'chitsime cha kudimba kwathu kuno. Anthu anamuzondotsa n'kumamufinya pamimba kuti madzi atuluke. Mnyamata wina wophunzira za clinical officer anawaletsa, nayamba kumupumira m'kamwa, ndipo anthu anakwiya naye. Analondola ndani? — Mayi, Bembeke

Mayi, mnyamatayo ndiye analondola. Kuzondotsa ndi kufinya mimba kumatulutsa madzi a m'mimba pamodzi ndi nsima, osati a m'mapapo, ndipo zotulukazo zimatha kutseka njira ya mpweya. Mwana sasiyana ndi wamkulu pa msinkhu pokha. Wamkulu nthawi zambiri mtima ndiwo umayamba kuima, pomwe mwana amayamba ndi kusowa mpweya, kaya chifukwa cha madzi, chibayo kapena kutsamwa, mtima n'kutsatira pambuyo. Choncho kwa mwana ndi kwa aliyense womira, mpweya ndiwo woyamba: kumupumira kasanu, kenako kudina. Kwa wa zaka 4 dzanja limodzi limakwana, chifuwa chilowe gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake, pafupifupi masentimita 5. Wothandiza akakhala yekha adine ka 30 n'kupumira kawiri, achipatala akakhala awiri ka 15 n'kupumira kawiri. Maphunziro a ETAT, a kasamalidwe kachangu ka ana odwala mwakayakaya, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawakonza potengera ntchito ya pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amayambira pomwepo: njira ya mpweya ndi kupuma, magazi pambuyo. Mwana akatsitsimuka, muvuleni zonyowa, mumufunditse (kuzizira kwa ku Bembeke mukukudziwa), ndipo apite kuchipatala ngakhale akuseka, poti mapapo amatha kuvuta patapita maola.

Kodi kupumira munthu m'kamwa sikungandipatse HIV? — Wakabaza, Linthipe

Achimwene, HIV siyenda m'malovu. Koma ngati pakamwa pali magazi, kapena mtima wanu sukulola, kwa munthu wamkulu amene wangogwa mwadzidzidzi dinani pachifuwa pokha osalekeza mpaka thandizo lifike. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa thandizo loyamba, ndipo inu akabaza, amene mumafika pangozi ambulansi isanabwere, mungachite bwino kukawapempha ngati gulu la pa siteji yanu.