Kodi mankhwala opha udzu amatheradi pakapita sabata ziwiri?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Akuti amapopera mankhwala opha udzu m'munda wawo wa chimanga, koma chitsime chomwe banja lonse limamwa chili kumunsi kwa mundawo. Wowagulitsa mankhwalawo anawauza kuti asade nkhawa, amatha okha pakapita sabata ziwiri. Akufunsa ngati ndi zoona.

Mayi, mankhwala sazimirira tsiku limodzi ngati mame. Akatswiri akamafufuza sawerenga tsiku lomwe atheretu, amawerenga masiku omwe amatenga kuti atsale theka. Tiyerekeze kuti ndi masiku 30: pakatha mwezi mwatsala theka, mwezi wachiwiri theka la theka lija, wachitatu akadalimobe pang'ono. Amawaphwanya ndi dzuwa, madzi, koma makamaka tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka, tomwe timagwira ntchito msanga pakakhala chinyontho ndi kutentha.

Tsono mankhwala ali ndi makhalidwe ngati anthu. Glyphosate, yemwe ambiri timangoti Roundup, amakakamira dothi ndipo salowerera pansi kwenikweni. Theka lake limatha pakati pa masiku ochepa ndi miyezi ingapo, malinga ndi nthaka. Koma dothi likakokoloka, iye amapita nalo limodzi, ndipo mvula ya kuno ku Thyolo ndi Mulanje mukuidziwa, imasandutsa mitsinje kukhala yofiira tsiku limodzi.

Amene amandidetsa nkhawa pa nkhani ya chitsime ndi atrazine, yemwe amapezeka m'mankhwala ena opopera chimanga chisanamere. Uyu sagwirana kwambiri ndi dothi, amatsatira madzi n'kulowa pansi. Kumeneko kulibe dzuwa, tizilombo tija n'tochepa, ndiye amakhalitsa. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2004 chifukwa ankapezekapezeka m'madzi apansi panthaka. DDT, mankhwala opha tizilombo, ndiye nkhalamba yokana kufa: theka lake limatenga zaka, amaunjikana m'mafuta a nsomba ndi a anthu, n'chifukwa chake pangano la mayiko la ku Stockholm la 2001 linamusiyira ntchito yolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu.

Komabe ine ndimaona kuti chovuta chachikulu si kupoperako, ndi zomwe timachita tikamaliza. Tsiku lina ndinapeza mnyamata akutsuka sipuleya mumtsinje wa Thuchila, madzi oyera ngati mkaka akutsetsereka, chakumunsi amayi akuchapa. Anali atachoka kopopera tomato ndi cypermethrin, mankhwala opha tizilombo. Mankhwala amenewa sachedwa kuphwanyika padzuwa, koma nsomba zimafa ndi kadontho chabe. Nditamufunsa anangoti, "Achimwene, madzi oyenda sasunga poizoni." Ndinasowa poyambira.

Inuyo chitani izi. Musasakanize mankhwala kapena kutsuka sipuleya pafupi ndi chitsime. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire m'sipuleya n'kupopera m'munda momwemo, kenako muliboole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Kukachita mdima wa mvula, dikirani. Pakati pa munda ndi chitsime siyani kamzere kosalima, mubzalepo vetiva, ndipo pakamwa pa chitsime pakhale pokwera kuti madzi othamanga asagweremo.

Musadalire kuwiritsa madzi kapena kuthira kulorini. Zimenezi zimapha tizilombo ta kolera, koma mankhwala a udzu monga atrazine amatsala momwemo. Ngati mjigo uli pafupi, madzi akumwa muzikatunga kumeneko, makamaka mvula yoyamba ikagwa mutangopopera.

Chomwe simunandiuze ndi dzina la mankhwala anuwo. Osati dzina lalikulu lokongola lija, koma la tizilembo ting'onoting'ono chapansi pake. Ngati munagula opungulira m'kabotolo ka Fanta kopanda pepala, ndiye kafunseni alangizi a zaulimi kapena a Pesticides Control Board ku Bvumbwe, si patali ndi kwanuko. Ngati pepala lilipo, lijambuleni munditumizire.