Yankho kwa msuweni pa nkhani ya kalembedwe

Eee msuweni, funso lako ndaliona. Dikira nditsitse wailesi kaye... eya. Ukuti kodi munthu akalemba mawu molakwika pa WhatsApp pali vuto? Iwe, ine ndinakudziwa uli ndi mamina. Sukufunsa za kalembedwe ayi. Chakuwawa ndi chija azakhali anakuyankha dzulo pa uthenga wako wa chiliza cha agogo, kuti "lembanso bwino mwanawe", gulu lonse likuona. Ukufuna wina anene kuti analakwa. Hehe, usakane.

Ukuwakumbuka amalume aphunzitsi? Ayi, osati a ku Balaka, ndikunena a njinga ya Humber aja. Iwo choko anachigwira nthawi ya Kamuzu, Chichewa chitangokhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Kenako kunabwera Chichewa Board mu 1972, malamulo a kalembedwe n'kutuluka 1973. Kabuku ka malamuloko ankayenda nako m'thumba la jekete ngati Chipangano Chatsopano. Pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa ikayamba pa MBC, m'nyumba monse zii, wotsokomola akatsokomolere panja.

Ndiye achimwene ali ku sekondale yogonera konko, analemba kalata kupempha ya sopo ndi ya basi. Kudikira, kudikira. Envelopu yafika, iwo kumwetulira mpaka m'makutu, anzawo awalonjeza kale mandasi. Kutsegula... ndi kalata yawo yomwe! Yonse psuu, inki yofiira. Pa "Malaŵi" anaiwala kachipewa ka pa w, amalume azunguliza. Pomaliza analemba kuti mundiperekere moni kwa "mbale wanga", osaika kachizindikiro pakati pa m ndi b, amalume m'mbalimo: "Ziwiya za kukhitchini sindizipatsa moni." Pansi penipeni, "Lembanso." Tambala olo imodzi munalibe. Achimwene teremu imeneyo anasamba sopo wobwereka. Uwafunse, mpaka lero akapsa mtima amaitchula.

Koma tamvera. Amalume omwewo, ikafika kalata ya agogo aamuna a ku Chipata... ayi, si agogo, anali achimwene awo a agogo, kaya, ukuwadziwa. Iwo aja ankalemba "cabwino", "cimanga", popanda h, mmene amalembera Chinyanja ku Zambia. Cholembera chofiira sichinkatuluka m'thumba. Kuwerenga, kugwedeza mutu, kupinda, basi. Tsiku lina amayi anawafunsa kuti nanga izi simukonza bwanji? Anati akuluwa ndamva zimene akunena, koma mnyamata uja MSCE ikumudikira.

Ndimati chiyani paja... eya, uthenga wako. Zoti "zkm", "bho", "mulibwanj", palibe angakutengere kwa amfumu. Kachipewa kaja ndani akukalemba pa foni masiku ano? Azakhali eni akewo amalemba "ndthu". Koma iwe, msuweni wanga wokondedwa, pamwamba unalemba Lachisanu, pansi n'kuika deti la Loweruka. Chopereka unangoti "aliyense 50". 50 chiyani? A ku Johannesburg anandiimbira usiku, akuti ndi ma rand kapena ndi K50,000? Ndiye dzina la agogo unasiya chilembo chimodzi, pamene wosema mwala uja akopera kuchokera pa foni yako yomweyo. Pamenepo ndi pamene pali nkhani. Tsiku, ndalama ndi dzina, zimenezo zilembe ngati amalume akuyang'ana. Zinazo gwetsa zilembo mmene ungafunire.

Wandimva? Sindikuti uzilemba chimangirizo ayi. Ndikuti pamene munthu akawerenga n'kukwera basi, kapena kutumiza ndalama, kapena kusema pa mwala, pamenepo werenga kawiri usanatumize. Moni wa m'mawa, nthabwala zako zosasekesa zija, lemba ndi chala chakuphazi ngati ukufuna.

Azakhali akanatha kukuuza kumbali, zimenezo ndikuvomera, koma si mlongo wawo wa amalume? Magazi ndi omwewo. Chimene chawawawa ndi dzina la mayi awo, osati galamala. Uwaimbire, usawalembere, ungawonjezere mlandu.

Ndiye bwerera pa uthengawo, ukonze zitatu zokhazo: deti, ndalama, dzina. "Zkm" wakoyo umusiye, sakulakwira munthu. Unditumizire kaye ine ndione usanaponye pagulu. Ndipo 50 yakoyo iwe wapereka? Sindinaone dzina lako pamndandanda. Chabwino, bandulo ikutha.