Fetereza akaziziritsa madzi m'ndowa, sikuti ndi wachinyengo

Mlimi wina wa tomato ku Ntcheu wafunsa kuti: "Ndikasungunula fetereza wa potassium nitrate kuti ndithirire mbewu, ndowa imazizira kwambiri, ndipo wina amatsalira pansi osasungunuka. Kodi anandigulitsa wachinyengo?"

Ayi bambo, mtima pansi. Kuzizirako ndiye khalidwe lake la fetereza ameneyu.

Potassium nitrate ndi mtundu wa mchere. M'kambulu kalikonse muli tizigawo tosaoneka ndi maso ta mitundu iwiri, togwirana mwamphamvu chifukwa cha magetsi amene tili nawo. Kuti tilekane pamafunika mphamvu, ndipo mphamvuyo imachokera m'kutentha kwa madzi omwewo. Tikangolekana, madzi amazinga kachigawo kalikonse, ndipo pozingapo pamatuluka kutentha kwina. Zili ngati geni: pali zolowa, pali zotuluka. Zolowa zikachuluka madzi amazizira, zotuluka zikachuluka madzi amatentha. Kwa fetereza wanuyu zolowa ndiye zambiri, moti kilogalamu imodzi m'malita 10 imatsitsa kutentha kwa madzi ndi madigiri pafupifupi 7 kapena 8.

Nanga amasungunukiranji pomwe akuchita kulanda kutentha? Chifukwa tizigawo tija tikapeza mpata timamwazikana m'madzi monse, ndipo kumwazikanako kuli ndi chikoka chakechake chimene chimakula madzi akafunda. Apa ndi pamene pagona yankho la zotsalira pansi zija. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 imasungunula magalamu pafupifupi 320 a potassium nitrate. Madzi ozizira mpaka kutsala pang'ono kuundana amangosungunula 130, pamene a madigiri 60 amapitirira kilogalamu. Mchere wa m'ndiwo ulibe nazo ntchito zimenezi: ozizira kaya otentha, umasungunuka magalamu pafupifupi 360 basi.

Tsono taonani zomwe zimachitika mukakhuthulira fetereza yense nthawi imodzi m'madzi ochepa, makamaka m'mamawa wa June kapena July kumapiri a Ntcheu ndi Dedza. Woyamba kusungunuka amaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizirawo amakanika kusungunula wotsalayo. Yambani mwathira madzi m'ndowa, abwino ndi amene akhalitsa padzuwa, kenako muziwaza fetereza pang'onopang'ono kwinaku mukutakasa. Wotsalira akakhalapobe, onjezerani madzi. Kuwiritsa n'kungotha nkhuni. Ndipo madzi aukali otere samapita ku mbewu momwemo: sukulutsani motsata muyezo wolembedwa pathumba, apo ayi muwotcha mizu.

Mayi wina wolima kabichi kudimba akuti fetereza wa CAN amasiya matope oyera pansi pa chitini ngakhale atakase bwanji. Mayi, ameneyo ndi laimu amene amasakanizidwa dala popanga CAN, ndipo sasungunuka m'madzi. Gawo la nayitirojeni ndiye lasungunuka kale, n'chifukwa chake chitinicho chimazizira. Ine ndimaona kuti CAN amayenera kukwiriridwa m'nthaka, osati kulowetsedwa m'mapaipi. Urea ndiye amasungunuka yense, nayenso akuziziritsa madzi, ngakhale kapangidwe kake n'kosiyana ndi ka mchere.

Amene muli ndi mapaipi odontheza madzi, samalani ndi chinthu chimodzi ichi. Fetereza wa calcium nitrate musamusakanize m'ndowa imodzi ndi fetereza wokhala ndi sulphate kapena phosphate onse ali aukali. Aliyense payekha amasungunuka bwino, koma akakumana, calcium ndi sulphate amagwirana n'kupanga timiyala toyera totchedwa gypsum, timene timangosungunuka magalamu awiri okha pa lita. Timiyala timeneto timatseka timabowo ta mapaipi, ndipo mbewu zimasowa chakudya chomwe mwagula kale. Khalani ndi ndowa ziwiri.

Funso lina linali loti bwanji laimu wina amatenthetsa madzi mpaka kutuluka nthunzi. Ameneyo ndi laimu wowotcha wa mu uvuni, ndipo iye samangosungunuka, amagwirana ndi madziwo n'kusanduka chinthu china, potero kutentha kotuluka kumakhala kochuluka zedi. Amawotcha khungu ndi maso. Ngati mukufuna kupaka khola, thirani laimuyo pang'onopang'ono m'madzi ambiri, m'chitsulo osati m'pulasitiki, mutaima panja ana ali kutali. Laimu wa m'munda wochepetsa asidi m'nthaka ndi wina, satenthetsa madzi, ndipo amafuna kuwazidwa n'kusakanizidwa ndi dothi mvula isanayambe.