Makirisipi a tomato aja anapita kuti?

Imelo ya sabata ino yandikhudza penapake. Achemwali ena okhala ku Joni alemba kuti makirisipi a tomato omwe akhala akudya chiyambire ali mwana asowa m'mashopu, ndiye akufunsa ngati kuli kowapeza kapena angowaiwala. Achemwali, khalani pansi kaye, nkhaniyi ndi yanganso.

Ine makirisipi ndinawadziwira kwa amalume. Ankagwira ntchito ku Joni komweko, Khirisimasi iliyonse amatsika basi ndi chikwama chachikulu chamizeremizere chija, ndipo pansi penipeni, mutachotsa shuga, sopo ndi nsapato za agogo, mumapezeka mapaketi awiri kapena atatu. Pofika kwathu amakhala ataphwanyikiratu ngati gaga chifukwa anthu amakhalira chikwamacho njira yonse, koma ndani amaona zimenezo. Tinalipo ana sikisi, amayi amagawa m'timbale ndi supuni ngati mankhwala, ukamaliza zala zili psuu, umanyambita chimodzichimodzi osafulumira. Nkhondo yeniyeni inali ya paketi. Woitenga amaing'amba pambali, kunyambita mkati monyezimira muja mpaka kuyera, kenako kuitsuka, kuiwongola ndi kuisunga m'kope la masamu. Januwale ikafika umakaionetsa kusukulu, anzako amangonunkhiza basi.

Nditakula ndinafika ku Joni ndekha, malipiro oyamba ali m'thumba, ndinalowa shopu yaikulu ndi mtima woti lero paketi yonse ndidya ndekha popanda supuni ya amayi. Ndinazungulira mashelefu katatu. Mnyamata wopanga dongosolo la katundu anangoti aja anasiya kupanga kalekale, nkupitiriza ntchito yake ngati sananene kanthu. Ndinagula a tomato a kampani ina, kutsekemera ngati jamu, ndinawasiya pa mpando wa takisi.

Mkwiyo umenewo ndi umene unandiyambitsa kufufuza mbiri ya zinthuzi, ndiye mundipirire.

Za mapaketi pang'ono

Kale ku America makirisipi ankagulitsidwa ngati mmene timagulitsira usipa pamsika, ali m'migolo kapena m'zitini, wogulitsa amakutapira nkukuikira m'pepala. Apansi amakhala atafewa ndi kuphwanyika. Mu 1926 mayi wina, Laura Scudder wa ku Monterey Park ku California, anayamba kupatsa antchito ake mapepala opaka phula kuti akawasite ndi ayironi kunyumba akhale timatumba, m'mawa nkudzazamo makirisipi. Tangoganizani, paketi yosita pamanja ngati yunifolomu ya mwana. Za lerozi zimene timadandaula kuti mwangodzaza mphepo, mphepoyo ndi nitrogen, amaikamo dala kuti mafuta asavunde komanso makirisipi asaphwanyike, ngakhale chikwama cha amalume nitrogen inachilephera.

Koma amene ndimamugonjera ine ndi Frank Smith. Anayamba bizinesi yake mu 1920 ku Cricklewood mu London, ndipo makirisipi ake analibe fuleva iliyonse, mbatata ndi mafuta basi. Mchere umabwera paokha, wokulungidwa m'kapepala ka buluu kopotokola, kali mkati mwa paketi momwemo. Umakamasula, kuthira mmene ukufunira, kutseka pakamwa pa paketi nkukhutchumula. Mafuleva anabwera mochedwa, mu 1954, pamene Joe Murphy wa kampani ya Tayto ku Dublin anatulutsa a tchizi ndi anyezi. Kampani ya makirisipi ya Simba ya ku South Africa inabwera mu 1957. Agogo anga anali atakwatiwa kale zonsezi zikuyamba, ndiye tisamaone ngati fuleva ndi chinthu cha makolo.

Ndipo apa ndinene mosabisa, tsiku limene mchere unachoka m'manja mwa wodya nkupita m'manja mwa fakitale ndi tsiku limene tinaluza. Fuleva ndi ufa wowaza pamwamba, mbatata yake ndi yomweyomweyo. Ufawo mwini wake ndi kampani, malo pa shelefu ndi ochepa, ikaona kuti mtundu wina sukuyenda imangouchotsa nkuikapo wina, sidzakufunsani kuti kodi munakulira chiyani. Pitani pa chiwaya chilichonse ku Limbe kapena ku depoti ya Lilongwe muone, tchipisi akakuikira pambali paja mchere uli apo, tsabola ali m'botolo lobowola chivindikiro, kabichi ali apo, umadzithirira wekha ndipo palibe amene angadzuke m'mawa nkulengeza kuti kambuzi tamusiya. Anyamata a chiwaya akuchitabe zimene Smith ankachita zaka 100 zapitazo, amafakitale ndi amene anasochera.

Kusochera kwake mpaka mu 1981 ku Wales munthu wina anatulutsa makirisipi a fuleva ya hedgehog, kanyama kaminga kaja konga kanungu, koma mkatimo munalibe ngakhale munga umodzi wa kanyamako. Ife mbewa timadya zenizeni, ndi mutu womwe. Ndipo musandiyambitse za mitundu ya mapaketi ku Britain, kumene kampani ya Walkers imaika tchizi ndi anyezi mu paketi ya buluu, mchere ndi viniga mu yobiriwira, pamene makampani ena amachita mosemphanitsa, anthu akuluakulu a ndevu zawo mpaka lero amakangana za zimenezi.

Ndasochera nanenso, pepani achemwali. Yankho lanu nali: yambani mwayang'ana m'timashopu ting'onoting'ono ndi mogulitsa zambiri pakamodzi, katundu wakale amachedwa kutha kumeneko, koma muziona deti. Alembereni akampaniwo pa Facebook, mukakhala ambiri nthawi zina amabweza fuleva kwa kanthawi. Zikakanika gulani opanda fuleva, musakanize ufa wa tomato, mchere, kashuga pang'ono ndi ufa wa anyezi, muthire mu paketi nkukhutchumula. Ine ndayesa kanayi, kachitatu ndinachulutsa shuga ana anakana kudya, kachinayi zala zinafiira ndithu koma kuwawasa kuja sikunafike, ndiye ulendo uno ndiwonjezeramo ka citric acid kogula kogulitsa zophikira makeke.