Gasi uja amakhala atabisala kuti?

Mchemwali wina amene akuphunzira za miyala kuno ku Joni wandilembera imelo. Akuti sakumvetsa chifukwa chake chitsime cha mafuta chikayamba kutha mphamvu chimalavula gasi wambiri, mafuta n'kumachepa. Mchemwali, mwandikumbutsa kutali.

Chaka changa choyamba mu labu ntchito yanga inali kutsuka mabotolo. Tsiku lina ndinafunsa funso lomweli, bwana wina n'kundiuza kuti ndizingosamala za sopo. Ndinabwerera ku Yeoville, dera lina la kuno ku Joni, mtima ukuwawa. Amene ananditsegula maso ndi mayi ena a ku Mangochi, ogulitsa thobwa. Botolo lapulasitiki linali litakhalitsa padzuwa, lolimba gwa, koma pamwamba pa thobwalo pali zii, wopanda thovu. Anapotokola chitsekerero pang'ono, tsiii, n'kutseka. Pang'ononso, n'kutseka. "Mwanawe, ukatsegula mwaphuma theka lithera pansi."

Ndi zomwezo pansi pa nthaka. Mafuta sakhala ngati dziwe ayi, amakhala m'timabowo ta thanthwe, monga madzi m'njerwa yonyowa. Pulesha ikakhala yochuluka, gasi amasungunukira m'mafutamo, osaoneka. Mukamapopa, pulesha imatsika mpaka kufika pamene akatswiri amati bubble point. Apo timathovu timabadwa m'makona a timabowo tija, n'kumakula pomeza gasi wa m'mafuta oyandikana nato. Poyamba sitiyenda, timangofufuma n'kumakankhira mafuta kuchitsime. Nthawi imeneyi gasi ndi bwenzi. Koma tikakula n'kugwirana, timatsegula njira, ndipo gasi poti ndi wopepuka amathamanga kusiya mafuta m'mbuyo. Wina amakwera kukaunjikana pamwamba pa thanthwe. Mafuta otsalawo, gasi atawachoka, amanata n'kumayenda movutikira. Chitsime chongodalira mphamvu imeneyi nthawi zambiri chimangopereka magawo 5 mpaka 30 pa 100 alionse a mafuta ake. Ena onsewo amatsala pansi.

N'chifukwa chake zimandipweteka anthu akamakamba za mafuta a m'nyanja ya Malawi ngati kungoboola basi ndalama mbwee. Boma linapereka chilolezo chofufuza mafuta kumeneko mu 2011, koma ndi angati a ife amene angakhale patebulo n'kufunsa kampani kuti pulesha idzaisunga bwanji? Kampani yofuna kubweza ndalama zake msanga ikhoza kutsegula mwaphuma, n'kutisiyira thanthwe lodzaza mafuta osatulukanso. Ine ndikukana zoti tizisayina zinthu zimene sitikuzimvetsa. Ndipo gasi wosungunuka si wosewera naye. Ku Cameroon mu 1986, nyanja ya Nyos inalavula mwadzidzidzi mpweya umene unali m'madzi ake akuya, anthu oposa 1,700 n'kufa, ambiri ali kutulo.

Komanso si konse kumene thovu limagwirana msanga. M'mafuta onata kwambiri a ku Canada ndi Venezuela timathovu timakodwa m'mafutamo n'kutulukira nawo limodzi, ndipo zitsime zina zimapereka oposa amene ankayembekezeka.

Tsono pa mayeso anu

Gwirani zitatu: pulesha imene thovu limayambira, kuchuluka kwa gasi kumene amayambira kuyenda yekha, ndi njira yoletsera, yomwe ndi kupopera madzi kapena gasi m'thanthwe pulesha isanatsike kwambiri. Loweruka mukagule botolo la Fanta, mulitsegule pang'onopang'ono, maso ali pakhoma la botololo. Muone pamene kathovu koyamba kabadwire, mudzandilembere.