Moto wa pansi pa phulusa

Mtsikana wina wa fomu 4 wanditumizira imelo. Akuti anawerenga kuti milalang'amba yobulungira, ija amaitcha elliptical, ndi ya nyenyezi zokalamba zokhazokha, koma kwina anaonanso kuti imatulutsa kuwala kwa ultraviolet, komwe maso athu sakuona. Ndiye akufunsa kuti zikutheka bwanji, poti kuwala kumeneku amati n'kwa nyenyezi zongobadwa kumene.

Achemwali, funso lanu landikhudza chifukwa nanenso ndinalifunsapo ndili ku koleji. Aphunzitsi anandidula mawu. Anati nyenyezi yabuluu ndi yatsopano, yofiira ndi yokalamba, ndilembe zimenezo basi. Anzanga anaseka, ine ndinakhala pansi, ndipo mpaka chaka chinatha sindinakwezenso mkono. Zimandiwawabe, chifukwa funso langalo linali lomwe akatswiri akhala akulimbana nalo kuyambira 1969.

Chaka chimenecho Arthur Code, pogwiritsa ntchito setilaiti ya OAO-2, anapeza kuti pakatikati pa mlalang'amba wa Andromeda, pomwe padzaza nyenyezi zakale, pakutuluka ultraviolet wambiri kuposa momwe ankayembekezera. Kenako zinaonekanso m'milalang'amba yobulungira. Kuchokera pansi pano sakanaona, chifukwa mpweya wa ozoni umatchinga kuwalako.

Chimene chinanditsegula mutu si buku ayi, koma khitchini ya agogo anga. M'mawa pamafuwa pankaoneka ngati moto unazima kalekale, phulusa lokhalokha. Agogo ankatenga kamtengo, n'kufukula, n'kuuzira pang'ono, ndipo khala lamoto linkaonekera. Iwo sankapita kukapala moto kwa anansi. Ankati moto wa dzulo ndi umene umaphika phala la lero. Patapita zaka, nditawerenga za nyenyezi zimenezi, ndinawakumbukira mpaka misozi inalengeza.

Nyenyezi yonga dzuwa ikakalamba imafufuma n'kufiira. Zina zikafika pamenepo zimataya pafupifupi chofunda chonse cha hydrogen, n'kutsala mtima wokha umene ukuyaka helium, wolemera ngati theka la dzuwa. Mtima wovulidwawo ndi wotentha kwabasi. Mu Disembala 1990, Hopkins Ultraviolet Telescope, yomwe inakwera chombo cha Columbia, inayang'ana mlalang'amba wobulungira wa NGC 1399 ndipo kuwalako kunasonyeza nyenyezi za madigiri pafupifupi 25,000. Pankhope pa dzuwa lathu ndi cha m'ma 5,800 chabe. Mu 2000, Thomas Brown ndi anzake anaziona imodziimodzi ndi telesikopu ya Hubble mu M32, kamlalang'amba koyandikana ndi Andromeda.

Ndiye ndinene mosabisa: kuphunzitsa mwana lamulo n'kumubisira pomwe lamulolo limathyokera ndi kumulakwira. Poyamba ndinkati mwina nthawi ya kalasi imachepa. Pano sindivomerezanso. Mwana amene waona kuti mfundo ziwiri zikutsutsana waona bwino, ndipo amene akumukhalitsa chete akuzimitsa khala lomwe lija.

Chimene chimavula nyenyezi chofunda chake akatswiri sanagwirizanebe. Mu 2007 Zhanwen Han ndi anzake anati ndi nyenyezi inzake yoyandikana nayo imene imachilanda. Ena akuti nyenyezizo zinabadwa ndi helium wochuluka, monga zina za m'gulu la NGC 2808. Enanso amaloza kuchuluka kwa zinthu zolemera kuposa helium, zomwe akatswiri amazitcha zitsulo, m'kati mwake. Ine mtima wanga uli pa helium, ngakhale kuti nyenyezi zoyenda ziwiriziwiri zimathandizirako ndithu.

Ndiye muyankhe bwanji?

Nenani kuti ultraviolet amasonyeza kutentha, osati msinkhu. M'milalang'amba ikuluikulu yobulungira, wambiri amachokera ku nyenyezi zokalamba zovulidwa. Muwonjezere kuti setilaiti ya GALEX, yomwe inakwezedwa mu 2003, inapeza kuti mu ina mwa iyo mukubadwabe nyenyezi zochepa, ndiye zija zoti kuwalako n'kwa nyenyezi zongobadwa kumene si zabodza zonse. Aphunzitsi anu akakudulani mawu, mundilemberenso.