Funsani Malume: Tipite ndi ana kukaona chuma cha mafumu ku Lisboa?

FUNSO: A Malume, ndine mayi wa ana atatu kuno ku Ulongwe, Angónia. Achimwene anga amagwira ntchito ku Lisboa ndiye atiitana kuti tikacheze pa tchuthi cha Disembala. Akuti tikaonenso nyumba ya mafumu ku Ajuda komwe kuli zithunzi ndi golide, koma bambo akunyumba akuti kumeneko nkungotaya ndalama ana akatopa, bola kunyanja. Wamkulu ali ndi zaka 13, wamng'ono 5. Tipite kapena tisiye?

YANKHO: Mayi, pitani ndithu. Abambowo muwauze kuti Disembala ku Portugal ndi nthawi yozizira komanso yamvula, kunyanjako palibe mwana amene akasambe.

Ku Ajuda kuli zinthu ziwiri pamalo amodzi. Pali Palácio Nacional da Ajuda, nyumba imene mfumu Dom Luís ndi mkazi wake Maria Pia ankakhalamo, zipinda zake zikadali ndi mipando, makama, zithunzi zikuluzikulu zopenta ndi nsalu zoluka zapakhoma. Ndiye mbali ina ya nyumba yomweyo muli Museu do Tesouro Real, imene anatsegula mu 2022. Imeneyi ndi sefa yeniyeni yosungiramo chuma, yansanjika zitatu, zitseko zake zachitsulo zochindikala zedi, ndipo polowa amakusechani ndi makina ngati pa eyapoti, ana zimenezi amazikonda asanaone nkomwe golideyo. Mkatimo mukaona chisoti chachifumu chimene anachipanga ku Rio de Janeiro mu 1817 cha Dom João VI, koma chodabwitsa nchakuti mfumuyo sinkachivala kumutu ayi, chifukwa Dom João IV kalekale anapereka chisoti cha ufumu kwa Amayi Maria, mayi wa Yesu, ndipo kuyambira pamenepo mafumu a Portugal ankangochiika pambali pawo.

Chimene ndikulimbikira ine ndi wazaka 13 uja. Mafumu amenewa si alendo pa mbiri yathu, ndi omwewo ankatcha Tete dziko lawo mpaka ufumu unagwa mu 1910. Mmene Ngungunhana, mfumu ya ku Gaza, ankagwidwa ku Chaimite mu 1895 nkutengedwa kupita ku Lisboa, pampando panali Dom Carlos, mwana wa Maria Pia yemweyo amene mukaone chipinda chake chogona. Mwana amene anaonapo linga la São Tiago Maior mu mzinda wa Tete akuyenera kuona komwe malamulo ankachokera, afunse yekha kuti golide ndi dayamondi zonsezi anakumba ndani. Zambiri zinachokera ku Brazil, ndipo okumbawo anali akapolo ochokera kuno ku Africa. Musamubisire, zolemba zake zili m'Chipwitikizi awerenga yekha.

Wamng'onoyo musamukakamize kuona chilichonse. Mupite m'mawa atadya, mum'patse ntchito yofufuza akavalo ndi agalu m'zithunzi, akayamba kulira mmodzi atuluke naye, maola awiri akwana. Pewani Lachitatu chifukwa nyumba yachifumuyo imakhala yotseka, ndipo achimwenewo agule matikiti pa intaneti aonenso mtengo wa ana.

Mphamvu zikatsala tsikirani ku Belém, ndi pafupi, kuli Museu Nacional dos Coches kodzaza ngolo zamafumu zokutidwa golide, ndipo abambowo mukawagulire timakeke totchedwa pastéis de Belém tikadali totentha.